Kaloba ndi pinyolo: kodi mitengo yake ndi yacilungamo?

LUSAKA – Munthu woyenda m'makomboni a mzinda uno monga Chawama, Kanyama ndi Matero, kapena m'matauni a m'cigawo ca kum'mawa monga Chipata, Katete ndi Petauke, sacedwa kuona zikwangwani zoitana anthu kukatenga ngongole tsiku lomwelo malinga abweretse cikole. Mkati mwa masitolo amenewa mumakhala mafoni, mawailesi akanema, mafiliji, makina osokera, makina ometera tsitsi ndi njinga. Zina mwa zinthuzi zikudikira eni ake kuti adzaziombole. Zina zaikidwa kale mtengo ndipo zikudikira wogula.

Malonda amenewa, omwe makolo athu anali kuwachula kuti pinyolo ndipo ambiri lero amangowaphatikiza m'dzina la kaloba, akhala akudzutsa mtsutso pakati pa omvera athu. Ena amati eni malowa ndi opulumutsa anthu pa tsiku la mavuto. Ena amati ndi anthu olemera ndi misozi ya anzao. Funso limene tikufuna kuliona bwino lero ndi lakuti: kodi ndalama imene wapinyolo amapereka pa katundu, ciongoladzanja cimene amalipiritsa, ndiponso mtengo umene amagulitsira katundu wosaomboledwa, ndi zacilungamo?

Cifukwa cake anthu amapita kumeneko

Palibe munthu amene amanyamula wailesi yakanema ya m'nyumba mwake kupita nayo ku pinyolo cifukwa ca kukondwa. Amapita cifukwa mwana wadwala usiku, mwininyumba akufuna lendi, kwagwa maliro kumudzi, kapena katundu wa pa kantemba watha ndipo palibe mpamba woodera wina.

Zaka zapitazi zaonjezera anthu otere. Mu November 2020 dziko la Zambia linalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond, ndipo pakati pa caka ca 2021 kukwera mitengo kwa zinthu kunapitirira maperesenti 24. Mu February 2024 mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo ometa tsitsi, ooceretsa zitsulo ndi ogulitsa zozizira anakhala masiku osagwira nchito. Munthu wotere akafuna ndalama mwamsanga, cinthu cokha ca mtengo cimene ali naco ndi cipangizo cake ca nchito.

Kafukufuku wa FinScope wa mu 2020 anaonetsa kuti maperesenti 69.4 a anthu akuluakulu m'dziko muno anali kugwiritsa nchito njira ina yake yosungira kapena kutumizira ndalama, kucokera pa maperesenti 59.3 mu 2015. Kukwera kumeneku kunadza makamaka cifukwa ca ndalama za pa foni. Koma kukhala ndi akaunti ya pa foni sikutanthauza kuti banki ingakukongozeni. Banki imafuna cikalata ca malipiro, mbiri ya akaunti ndi masiku angapo oti ione mapepala. Wapinyolo amafuna katundu ndi citupa ca NRC basi, ndipo ndalama imatuluka munthu asanacoke pa khomo.

Mmene masamu ake amayendera

Tiyeni titenge citsanzo kuti nkhaniyi imveke. Tinene kuti mayi wina anagula foni pa K3,000 caka catha. Lero akufuna ndalama ya mankhwala ndipo wapita nayo ku pinyolo. Mwini malo waiyang'ana, nanena kuti angapereke K1,000, yoti ibwezedwe pakatha mwezi umodzi ndi maperesenti 30 pamwamba. Ciongoladzanja cotere si cacilendo m'makomboni mwathu, ndipo kwina cimafika pa theka la ndalama yokongoledwayo.

Mwezi ukatha, mayiyo ayenera kubweretsa K1,300. Akakhala nayo, atenga foni yake ndipo nkhani yathera pomwepo. Akakhala kuti alibe yonse, kawirikawiri amaloledwa kulipira K300 yokha ya ciongoladzanja kuti aonjezere mwezi wina. Akacita zimenezi miyezi itatu, adzakhala atalipira K900, koma K1,000 ija ikadali pomwepo ngati kuti sanaperekepo kanthu. Akalephera mwezi wacinai, foni ija iikidwa pa shelefu ndi kugulitsidwa, tinene pa K2,000. Pamenepo mwini malo, amene anatulutsa K1,000, walandira K2,900 yonse pamodzi. Mayiyo watsala wopanda foni ndiponso wataya K900.

Tikaona bwino, wapinyolo ali ndi malo atatu opezerapo phindu. Oyamba ndi pa kuyesa mtengo wa katundu, pamene amapereka ndalama yocepa poyerekeza ndi mtengo wake weniweni. Aciwiri ndi pa ciongoladzanja. Acitatu ndi pa kugulitsa katundu amene sanaomboledwe. Kuti tiweruze mwacilungamo tiyenera kuona malo alionse paokha, kenaka tione onse atatu pamodzi.

Zimene eni malonda anganene

Wapinyolo ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ndi bwino kuzimva. Foni imene inagulidwa pa K3,000 siikhalanso ya K3,000 ikagwira nchito caka cimodzi. Aliyense amene anayesapo kugulitsa foni yakale kwa amalonda a mu Katondo Street amadziwa mmene mtengo wake umagwera mtundu watsopano ukangotuluka. Mwini katundu amakumbukira mtengo umene anagulira, pamene wokongoza amaganizira mtengo umene angagulitsire mwamsanga ngati zinthu zavuta. Mitengo iwiriyi siingafanane, ndipo mbali yaikulu ya mkwiyo wa anthu imacokera pa kusiyana kumeneku. Pamenepa wapinyolo sanalakwe.

Palinso zoopsa zimene amasenza. Filiji ingafe ili m'sitolo. Akuba angathyole usiku. Katundu wina amene anthu amabweretsa amakhala wakuba, ndipo apolisi akafika amamutenga, wokongozayo nataya ndalama yake, mwinanso kuimbidwa mlandu wolandira katundu wakuba. Pali lendi ya sitolo, malipiro a wanchito ndi a mlonda.

Ndiponso ngongole yaing'ono ndi yodula kuiyendetsa. Nchito yolemba, kusunga ndi kulondera cikole ca K1,000 siisiyana kwambiri ndi ya cikole ca K20,000. Wapinyolo atati alipiritse maperesenti 4 pa mwezi, pa K1,000 angapeze K40 cabe, ndalama yosakwanira kulipirira malo amene katunduyo wakhala kwa mwezi wathunthu. Cotero amene amafuna kuti pinyolo izilipiritsa mofanana ndi banki akufuna cinthu cosatheka.

Pomaliza, pinyolo ili ndi ubwino umene ngongole zina zilibe. Munthu akalephera kubweza, amataya cikole cake cokha. Palibe amene amabwera kudzanyamula mipando ya m'nyumba, ndipo ngongoleyo siimutsatira zaka ndi zaka.

Pamene cilungamo cimathera

Zifukwa zonsezi ndi zoona cimodzi ndi cimodzi. Vuto limabuka tikaziika pamodzi. Wokongoza amene sanalandire cikole amalipiritsa ciongoladzanja cacikulu cifukwa wokongola akathawa, iye wataya zonse. Koma wapinyolo ali ndi katundu m'manja mwake, ndipo katunduyo ndi wa mtengo woposa ngongole kawiri kapena katatu. Wadziteteza kale pa nthawi yoyesa mtengo. Nanga n'cifukwa ciani alipiritsanso ciongoladzanja cofanana ndi ca munthu amene alibe citetezo ciliconse? Ngozi ndi imodzi, koma wokongola akuilipira kawiri. Maperesenti 30 pa mwezi ndi maperesenti 360 pa caka, ndipo palibe lendi ya sitolo kapena malipiro a mlonda amene angafotokoze ciwerengero conseco.

Malo acitatu ndiwo ovuta koposa. Tibwerere kwa mayi uja, ndipo tinene kuti walephera mwezi woyamba womwewo. Ngongole yake yonse, pamodzi ndi ciongoladzanja, ndi K1,300. Foni yagulitsidwa pa K2,000. Kodi K700 yotsalayo ndi ya yani? Mayiyo sanagulitse foni yake. Anaiika cikole kuti itsimikizire ngongole. Ngongole ikalipidwa kucokera pa kugulitsa, cotsala ndi ca mwini foni, kupatulapo ndalama zoonekeratu zimene zapita pa kugulitsako. Koma mwa cizolowezi ca malonda amenewa, cotsalaco cimalowa m'thumba la wokongoza, ndipo mwini katundu samauzidwa n'komwe mtengo umene katundu wake wagulitsidwira.

Cizolowezi cimeneci cili ndi cotulukapo coipa. Cimacititsa kuti wokongoza apindule kwambiri wokongola akalephera kusiyana ndi pamene wabweza. M'citsanzo cathu, mayiyo akabweza pa nthawi yake wapinyolo apeza K300, koma akalephera apeza K1,000. Pa malonda alionse amene mmodzi amapindula kwambiri mnzake akagwa, munthu sangayembekeze kuleza mtima. Ndiye cifukwa cake masiku oombolera amakhala ocepa, ndipo munthu wocedwa ndi tsiku limodzi amapeza katundu wake atapita kale.

Za wogula katundu wa pa shelefu, nkhani ndi yosiyana. Iye ali ndi ufulu woyerekeza mtengo ndi wa ku Kamwala kapena ku City Market, kunenerera, ndi kucoka ngati sanakhutire. Wapinyolo akaika mtengo wokwera, katundu wake akhalitsa pa shelefu. Msika umaweruza wokha pamenepo. Amene alibe mphamvu yonenerera ndi uja wafika ndi katundu pamutu mwana ali m'cipatala. Conco funso la cilungamo lili pa tebulo lokongozera kwambiri kuposa pa shelefu yogulitsira.

Kalata yogulitsa

Pali mcitidwe wina umene omvera ayenera kuudziwa, makamaka pa katundu wamkulu monga galimoto, puloti kapena nyumba. Okongoza ena, m'malo molemba pangano la ngongole, amapatsa wokongola kalata yonena kuti wagulitsa katunduyo, namuuza kuti ndi mwambo cabe ndipo kalatayo idzang'ambidwa akadzabweza. Amasunganso mapepala a galimoto kapena a malo. Munthu akacedwa kubweza, pepala limene lilipo likunena kuti anagulitsa yekha mwa kufuna kwake, pa mtengo wa ngongole ija. Motero nyumba ya banja lonse ingapite pa ngongole yosakwana ngakhale mtengo wa denga lake.

Makhoti ali ndi mphamvu yoyang'ana ceniceni cimene anthu awiri anapangana, ndi kugamula kuti cimene cinalembedwa ngati kugulitsa cinali cikole ca ngongole. Koma kuti munthu afike pamenepo afunika umboni, loya ndi nthawi, zinthu zimene wopita ku kaloba kawirikawiri alibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pepala limene pamwamba pake palembedwa za kugulitsa si pepala la ngongole, ngakhale wolipereka amwetulire motani.

Zimene malamulo ayesa kucita

Lamulo limene lakhala likuyang'anira okongoza ndalama ang'onoang'ono kwa zaka zambiri ndi la Money Lenders Act, Cap 398, lomwe linakhazikitsidwa dziko lino likali Northern Rhodesia, potengera lamulo la ku Britain la mu 1927. Lamuloli linafuna kuti wokongoza akhale ndi laisensi, kuti pangano lilembedwe ndi kusainidwa ndi wokongola, ndiponso linaletsa kulipiritsa ciongoladzanja pamwamba pa ciongoladzanja cinzake. Linaikanso muyeso wakuti ciongoladzanja cikapitirira maperesenti 48 pa caka, khoti liziona kuti ndi copitirira malire ndi cankhanza, pokhapokha wokongozayo atapereka umboni wotsutsa.

Maperesenti 48 pa caka ndiwo maperesenti 4 pa mwezi aja tachula kale. Pamenepa ndi pamene pali vuto. Muyeso wa m'buku uli kutali kwambiri ndi zocitika m'komboni, kotero kuti onse awiri, wokongoza ndi wokongola, amangouiwala. Ndiponso muyesowo umagwira nchito mlandu ukafika ku khoti, pamene milandu ya foni ndi filiji siifika kumeneko.

Boma linayesaponso njira yoika malire. Kuyambira mu January 2013, banki yaikulu ya Bank of Zambia inalamula kuti mabanki asapitirire maperesenti 18.25 pa caka, mabungwe okongoza amalonda ang'onoang'ono asapitirire maperesenti 42, ndipo mabungwe ena azacuma asapitirire maperesenti 30. Colinga cinali cabwino. Koma okongoza ambiri anacepetsa ngongole zing'onozing'ono cifukwa sizinali kuwapindulitsa, ena naonjezera malipiro ena apambali. Mu November 2015 malirewo anacotsedwa. Phunziro lake ndi lakuti munthu wosauka akatsekeredwa khomo la bungwe lovomerezeka, njala yake siitha. Amangopita kwa wokongoza wa kuseri kwa nyumba, amene alibe laisensi ndipo salemba lisiti. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo lamulo lomenya okongoza mosaganizira lingaphwanye mkhate umene osauka amamwera.

Mu 2016 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Movable Property (Security Interest) Act, lolola munthu kukongola poika cikole ca katundu wonyamulika monga makina, ziweto kapena galimoto, cikoleco n'kulembedwa m'kaundula wa bungwe la PACRA. Ubwino wake ndi wakuti telala angakongole pa makina ake osokera makinawo ali m'manja mwake, akusoka ndi kubweza. Ku pinyolo makinawo amatsekeredwa m'sitolo, ndipo munthu amalandidwa cipangizo cimene cikanamuthandiza kubweza. Komabe njira imeneyi imathandiza kwambiri amene ali ndi bizinesi yodziwika kusiyana ndi mayi wofuna K1,000 lero lomwe.

Dziko la Britain, kumene tinatengera muyeso wa maperesenti 48, linasintha njira kalekale. Pansi pa lamulo lao la Consumer Credit Act la mu 1974, wapinyolo amapereka lisiti, ndipo mwini katundu amakhala ndi miyezi isanu ndi umodzi yoombolera. Pa ngongole zopitirira £75, katundu akagulitsidwa pa mtengo woposa ngongole, ndalama yotsala imabwezedwa kwa mwini wake. Masitolo a pinyolo kumeneko sanatsekedwe cifukwa ca lamuloli. Akupitirizabe kucita malonda ndi kupeza phindu.

Pinyolo yacilungamo ingaoneke motani?

Kucokera pa zonsezi, zikuoneka kuti kukangana pa ciwerengero ca ciongoladzanja cokha sikungathetse nkhaniyi. Pali zinthu zinai zimene zingasinthe malonda amenewa popanda kuwapha.

Coyamba ndi lisiti lolembedwa m'cinenero cimene wokongola amamva, loonetsa katundu, mtengo umene onse awiri agwirizana kuti ndiwo wake, ndalama yotengedwa, ndalama yonse yobweza m'makwaca, ndi tsiku lomaliza. Caciwiri ndi nthawi yokwanira yoombolera, pamodzi ndi cenjezo lisanafike tsiku logulitsa. Masiku ano pafupifupi aliyense ali ndi nambala ya foni, yake kapena ya m'bale, ndipo uthenga umodzi sudula kanthu. Cacitatu ndi kubweza ndalama yotsala katundu akagulitsidwa. Cacinai ndi kuletsa kotheratu kalata yogulitsa pa nkhani ya ngongole.

Mwa zinai zimenezi, cacitatu ndico cacikulu. Wapinyolo akadziwa kuti cotsala si cake, sadzakhalanso ndi cifukwa coyesera katundu mtengo wotsika mopitirira, kapena cothamangira kugulitsa. Phindu lake lidzakhala pa anthu obweza ndi kubweranso, monga mmene zilili ndi wamalonda wina aliyense. Ndipo malisiti akakhala oonekera, munthu angathe kuyerekeza masitolo awiri kapena atatu, mpikisano n'kuyamba kutsitsa ciongoladzanja. Makhonsolo amene amapereka zilolezo za malonda, Unduna wa Zacuma, ndi bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission, onse ali ndi mbali yao pa nchito imeneyi.

Kwa omvera athu

Pamene tikudikira kuti zimenezi zicitike, munthu aliyense angadziteteze pa zinthu zingapo. Musanapite ku pinyolo, funsani mtengo umene katundu wanu angagulitsidwe pa msika lero, kuti mudziwe cimene mukuika pa ngozi. Funsani ngati wokongozayo ali ndi laisensi. Funsani ndalama yonse yobweza, tsiku lake, ndi cimene cidzacitika mukacedwa, ndipo zonse zilembedwe. Pitani ndi mboni. Musasiye khadi la ku banki ndi nambala yake yacinsinsi, ndipo musasaine pepala lonena kuti mwagulitsa cinthu cimene simunagulitse. Ngati muli m'gulu la cilimba kapena la banki ya m'mudzi, yambani mwafunsa kumeneko, cifukwa ciongoladzanja cimene mungalipire cimabwerera kwa inu nomwe pa nthawi yogawana.

Tsono kodi mitengo ya pinyolo ndi yacilungamo? Kupereka ndalama yocepa pa katundu wakale kuli ndi cifukwa cake. Kulipiritsa koposa banki pa ngongole yaing'ono kulinso ndi cifukwa cake. Koma kucita zonse ziwiri, kenaka n'kusunganso ndalama yotsala pa katundu wa munthu amene walephera, kulibe cifukwa cimene cingaime pamaso pa anthu. Makolo athu posunga cikole anali kudziwa kuti mbuzi kapena khasu limene lili pakhomo pao ndi la mwini wake kufikira mlandu utatha. Mayi amene wasiya foni yake pa K1,000 akadali mwini wa foniyo, ndipo K700 yotsala ija iyenera kubwerera m'manja mwake.